Maina a pa Intaneti Asasanduke Msika wa Akathyali

Dzina la pa intaneti, monga lija lothera ndi .com, ndilo keyala imene anthu apezera sitolo, sukulu kapena kampani. Siligulidwa kwamuyaya ai. Munthu amalibwereka, nalipira caka ndi caka.

Bungwe la ICANN, loyang'anira maina otere, linalamula m'caka ca 2013 kuti mwini dzina azikumbutsidwa kawiri nthawi yolipira isanathe, ndi kuti dzina likafafanizidwa apatsidwe masiku 30 akuliombola. Pamenepo linacita bwino. Koma masikuwo akatha, napitanso ena asanu, dzina ligwera aliyense wofika poyamba. Ofika poyambawo ndi amalonda amene makompyuta ao amaliwakha m'kanthawi kocepa. Safuna kuligwiritsa nchito. Afuna kuligulitsa pa mtengo wokwera koposa, nthawi zina kwa mwini wake yemwe uja.

Kumudzi munda ukagonera, mfumu imaupereka kwa wofuna kulima. Siipatsa munthu woti aukhalire podikira wogula. Motero ICANN iyenera kulamula kuti dzina lotoledwa motere lisagulitsidwe kufikira patapita caka cathunthu, ndipo likangokhala cabe, libwezedwe.