Malole olemera adikire misewu iume

Ku Quebec, m'dziko la Canada, madzi oundana akayamba kusungunuka boma limalamula malole kuchepetsa katundu chifukwa nthaka ya pansi pa msewu imakhala itafewa. Kuno kwathu mvula imafewetsa misewu chimodzimodzi, koma masikelo a malole ali m'misewu ya tara, monga pa Balaka. Kumudzi kulibe woyeza.

Lole ya matani 30 ikadutsa mu Januwale imasiya maenje ndi timilatho tothyoka. Pofika Epulo, wonyamula fodya amatikwezera mtengo. Amalipira ndi mlimi.

Makhonsolo aike malire a kulemera kwa malole m'misewu yadothi kuyambira Disembala mpaka Malichi. Komatu lamuloli lisatimanitse fetereza: azifika m'madepoti pofika Okutobala. Apampando a makalabu, kaituleni nkhaniyi ku VDC mwezi uno.