Kodi M'mphepete mwa Msewu ndi mwa Yani?

Munthu amene wafika ndi galimoto pakati pa mzinda wa Blantyre cha m'ma 10 koloko m'maŵa, tsiku la ntchito, amadziŵa kuti ulendo wake sunathe. Ayenda mu Victoria Avenue maso ali m'mbali, akhotera mu Haile Selassie Road, azungulira ndi Glyn Jones Road, kenaka nkupezekanso pomwe anayambira paja, mafuta akungopsa. Ku Limbe, mu Churchill Road, zinthu nzomwezo. Pomaliza amakweza matayala aŵiri pa njira ya oyenda pansi, natuluka akung'ung'udza kuti khonsolo ya mzinda ikugona, siikumanga malo oimikapo magalimoto.

Dandaulo limeneli nlomveka, koma lagwira nyama kumchira. Malo alipo ndithu. Chovuta nchakuti amene afika m'mamaŵa amawatenga ngati munda wa makolo awo, naumirirapo mpaka dzuŵa kuloŵa.

Ndi bwino kuyamba wakumbukira kuti misewu imeneyi sinalambulidwire magalimoto. Amishoni a ku Scotland anakhazikika pa Blantyre m'chaka cha 1876, nyumba ya Mandala inamangidwa mu 1882, ndipo njanji inafika mu 1908. Masiku amenewo katundu ankabwera pamitu ya amtengatenga, azungu ankanyamulidwa pa machila. Limbe anakula chifukwa cha njanji ndi fodya, nadzaphatikizidwa ndi Blantyre mu 1956. Kalembera wa 1977 anapeza anthu pafupifupi 220,000 mumzindawu. Wa 2018 anapeza oposa 800,000. Pakati pa zaka zimenezi kunabuka malonda a magalimoto ogwirapo kale ntchito ochokera ku Japan, amene amatsikira pa doko la Dar es Salaam nkuloŵera pa Songwe, kotero kuti galimoto, imene kale inali ya bwanamkubwa ndi mwini sitolo, lero mphunzitsi wosunga bwino ndalama angathe kuigula. Chimenechi nchitukuko ndipo palibe woipidwa nacho. Koma walira mvula walira matope. Magalimoto achuluka, Victoria Avenue sanakule ndi phazi limodzi lomwe.

Aphunzitsi a masamu angathe kuyesa ana awo ndi funso ili. Galimoto imodzi ikaima imadya malo a mamita 5 m'litali ndi mamita 2.5 m'lifupi. Kuphatikizapo mpata woloŵera ndi wotulukira, malowo amafika pa masikweya mita 25 kapena kuposerapo. Bwalo la mpira lalikulu, la mamita 105 ndi 68, lingalandire magalimoto osafika 300. Tsono ngati ogwira ntchito 3,000 atabwera m'tauni aliyense ndi galimoto yake, pangafunike mabwalo a mpira oposa khumi. Kodi mabwalo amenewo apezeka pati pakati pa Blantyre? Pagwetsedwe masitolo ati, mabanki ati? Mzinda umene ugwetsa masitolo kuti anthu apeze poimika magalimoto udzatsala ndi poimika pambiri, koma chobwerera anthu kutauniko chidzakhala chitatha.

Funso lachiŵiri nlapafupi. Kalaliki wa mu ofesi akaimika galimoto yake pakhomo pa sitolo kuyambira 8 koloko mpaka 4 koloko madzulo, malo amenewo athandiza munthu mmodzi. Akanakhala a anthu oima theka la ora, akanathandiza anthu 16: mayi wodzagula mankhwala, mlimi wodzatapa ndalama ku banki, nkhalamba yosatha kuyenda mtunda. Mwini sitolo amene amadandaula kuti malonda sakuyenda, nthaŵi zina galimoto yotseka pakhomo pakeyo imakhala yake yomwe.

Vuto limeneli si la Malaŵi yekha, ndipo silachilendo. Mu 1935 amalonda a mumzinda wa Oklahoma City, ku America, anali ndi dandaulo lomweli, lakuti antchito akutsekereza ogula. Mkonzi wina wa nyuzipepala, Carl Magee, anatulukira kamakina koima m'mbali mwa msewu, koponyamo masenti asanu kuti galimoto iime ora limodzi. Cholinga chake chinali chakuti woima aziŵerenga nthaŵi, akatha zake achokepo, mnzake aloŵe. Patapita zaka 70, mu 2005, mphunzitsi wa pa yunivesite ya California ku Los Angeles, Donald Shoup, anatulutsa buku lotchedwa The High Cost of Free Parking. Iye anasonyeza kuti galimoto imakhala chiimire pafupifupi maora 23 pa tsiku, ndi kuti m'misewu yodzaza, magalimoto ambiri amene akuoneka ngati ali pa ulendo amakhala akungozungulira kufuna poima. Malangizo ake anali akuti mtengo woimikira ukwere kufikira pamene pa malo asanu ndi atatu alionse, amodzi azikhala opanda galimoto. Pamene pali piringupiringu mtengo ukwere, pamene pali zii utsike.

Chodabwitsa nchakuti ku Japan komwe magalimotoŵa amachokera, lamulo la 1962 limafuna kuti wogula galimoto m'mizinda ayambe wasonyeza apolisi chikalata chotsimikiza kuti ali ndi poisunga pafupi ndi nyumba yake, ndipo kugoneka galimoto mumsewu usiku wonse nkoletsedwa. Galimotoyo imawoloka nyanja, koma lamulo lija limatsala padoko.

Komatu mwini galimoto asamuyese chigaŵenga. Munthu wokhala ku Machinjiri kapena ku Chileka amene ayenera kusiya ana kusukulu nafika pantchito nthaŵi yake, sangadzudzulidwe chifukwa chokana minibasi imene imadikira kudzaza isananyamuke. Amaopanso kuimika galimoto kutali ndi maso ake, poti angaipeze magalasi atagululidwa. Ndipo akafunsa kuti ndalama zimene khonsolo imatolera kwa oimika magalimoto zimagwira ntchito yanji, funso lake nlachilungamo. Msonkho umene munthu saona phindu lake amaupereka mokwinya nkhope, ndipo akapeza mpata amagwirizana ndi wotolerayo kuti lisiti lisalembedwe, aŵiriwo nkugaŵana za mzinda.

Pamenepa mpamene pagona nkhani. Mzinda wa Pasadena, ku California, unaika makina olipirira m'chigawo chake chakale mu 1993, amalonda atayamba akana. Anavomera pamene analonjezedwa kuti ndalama zonse zidzagwira ntchito m'chigawo chomwecho: kukonza njira za oyenda pansi, kuika magetsi, kusesa. Chigawo chimene chinali kufa chinatsitsimuka. Khonsolo ya Blantyre ingathe kuchita chimodzimodzi popanda kudikira ngongole yakunja. Ndalama za mu Victoria Avenue zivundikire ngalande za mu Victoria Avenue; za ku Limbe ziyatse magetsi a ku Limbe; ndipo mwezi ndi mwezi chiŵerengero cha zotoleredwa chikhomedwe poyera kuti aliyense aŵerenge. Ora loyamba likhale lotsika mtengo, lachitatu ndi lachinayi liŵaŵe m'thumba, kuti woŵeruka madzulo aone yekha kuti nkwabwino kusiya galimoto pa bwalo lotetezedwa kunja kwa piringupiringu nkuyenda mphindi khumi. Anyamata amene amalondera ndi kutsuka magalimoto m'misewumo amadziŵa kale galimoto iliyonse ndi mwini wake. Kuwalemba ntchito, kuwaveka yunifolomu ndi kuwapatsa malipiro kungapindule kuposa kuwathamangitsa.

Pali munthu wina amene sanatchulidwe mokwanira, chonsecho ndiye wochuluka: woyenda pansi. Anthu ambiri a ku Ndirande, Mbayani, Chilomoni ndi Bangwe alibe galimoto, ndipo ambiri mwa iwo amafika m'tauni ndi mapazi. Mu 2006 boma linachotsa mavenda m'misewu ya m'mizinda ponena kuti akutseka njira. Mayi wogulitsa nthochi pa lichero anachotsedwa pa malo osakwana mita imodzi. Galimoto yodya malo oŵirikiza kakhumi imakwera pomwepo, niphwanya ndi miyala yovundikira ngalande. Galimoto ikatseka njira, mwana wasukulu amatsikira mumsewu momwe mukuthamanga minibasi ndi njinga zamoto za kabaza. Wakhungu ndodo yake imagunda chitsulo pamene dzulo panali poyera, ndipo wa njinga ya olumala amabwerera, pakuti alibe podzera.

Chifukwa chake lamulo loyamba kulimbikira likhale ili: tayala lisakwere pa njira ya oyenda pansi, kaya galimotoyo ndi ya mphunzitsi, ya mwini sitolo, kapena ya nambala ya boma. Chindapusa chake chipose cha wopitiriza nthaŵi pa malo ololedwa, ndipo chilipiridwe ku ofesi ya khonsolo, lisiti lili m'manja, osati pa windo la galimoto.