Pakhomo pa Msilamu: M'bale Wathu Akagwidwa ndi Mowa



Ulendo uno tikambirane nkhani imene ambirife timaidziwa koma timangoinong'ona: mowa umene walowa m'makomo a Asilamu kuno kunyanja. Kalembera wa chaka cha 2018 adapeza kuti boma la Mangochi lili ndi anthu oposa 1.1 miliyoni, ndipo ambiri mwa iwo ndi Asilamu. Komabe tikayenda madzulo m'madoko monga Makawa, Malembo ndi Msaka, kapena m'mbali mwa nyanja ya Malombe, tipeza kachasu ndi timabotolo taukali tikuyenda malonda. Kodi ogula onsewo ndi alendo? Ayi ndithu. Ena ndi ana athu omwe adaphunzira alifu, bee, tee pamkeka wa madrasa.

Msilamu akamamwa, amamwa mobisa. Tsiku la Ijumaa avala mkanjo wake woyera nakhala pamzere wa kumbuyo. Mkazi wake abisa poopa manyazi, mayi ake abisa poteteza dzina la mtundu, anzake a pabwato abisa chifukwa amamwera limodzi. Nkhani imadzaululika chiwindi chitatupa, ukwati utatha, kapena bwato litabwerera kudoko munthu mmodzi akusowa. Ife aphunzitsi timayambira kuziona mwa ana: mwana wosinza m'kalasi chifukwa usiku kunyumba kunali phokoso, mwana wosiya kubwera chifukwa alibe sopo wochapira zovala.

Lamulo lidabwera motani?

Palibe Msilamu amene sadziwa kuti mowa ndi haraam. Chimene timaiwala ndi njira imene Mulungu adawachotsera mowa anthu amene adakulira m'menemo. Mu Surah Al-Baqarah ndime 219, adawadziwitsa kuti tchimo la mowa ndi njuga likuposa phindu lake. Mu Surah An-Nisa ndime 43, adawaletsa kuyandikira swala ali oledzera, ndipo popeza swala ndi zisanu patsiku, mpata womwera udachepa. Pomaliza, mu Surah Al-Maidah ndime 90 ndi 91, adauletseratu, nafotokoza kuti Satana amaugwiritsa ntchito podanitsa anthu ndi kuwatsekereza kukumbukira Mulungu ndi kuswali. Anas bin Malik (RA) adasimba kuti tsikulo ankatsanulira anthu mowa m'nyumba ya Abu Talha (RA) ku Madinah, ndipo uthenga utafika adauzidwa kuti akautaye, mpaka udayenderera m'misewu.

Mayi Aisha (RA) adafotokoza kuti ndime zoyamba kutsika zinkanena za Jannah ndi Moto, ndipo malamulo a halaal ndi haraam adabwera mitima itakhazikika. Kukadakhala kuti chiletso cha mowa ndicho chidayamba, anthu akadakana.

Tisamve molakwa. Izi sizikupereka chilolezo chomwa pang'ono lero, pakuti lamulo lidakwanira, ndipo Mtumiki Muhammad (SAW) adaphunzitsa kuti chinthu choledzeretsa chikachuluka, ngakhale chochepa chake ndi choletsedwa. Phunziro lake ndi lakuti munthu amasiya mowa mtima wake ukakonzedwa, komanso akakhala pakati pa anthu omugwira dzanja. Maswahaba adautaya tsiku limodzi, onse pamodzi. M'bale wathu wa kudoko timafuna kuti asiye yekhayekha, ife tikumuseka.

Boma nalo lidayesa mbali yake. M'chaka cha 2015 lidaletsa mowa wa m'masacheti umene unkafika ngakhale m'matumba a ana a sukulu, ndipo mu 2017 lidakhazikitsa ndondomeko ya dziko yokhudza mowa. Masacheti atachoka, mowa womwewo udabwerera m'timabotolo. Mu 2024 anthu angapo adamwalira ku Manase mu mzinda wa Blantyre atamwa mowa wosadziwika bwino umene anthu adautcha "Ambuye mtengeni". Lamulo la boma likhoza kuchotsa chotengera, koma chibaba chimachotsedwa pakhomo ndi pamzikiti.

Bodza la kunyanja

Alovi ambiri amati mowa umafunditsa thupi usiku wa chilimira, makamaka nyengo ya mwera. Zoona zake ndi zakuti mowa umatsegula mitsempha ya pakhungu, munthu namva kufunda, pamene kutentha kwa m'kati mwa thupi kukuthawa msanga. Umachedwetsanso maganizo ndi kufooketsa manja ndi miyendo, kotero kuti katswiri wosambira akagwera m'madzi ataledzera amamira ngati mwana. Tiyi wa m'fulasiki ndi jekete yokhuthala ndizo zimateteza, osati botolo.

Ena amati amamwa ngati mankhwala a kutopa kapena a nkhawa. Swahaba Tariq bin Suwaid (RA) atafunsa za mowa wa mankhwala, Mtumiki (SAW) adamuyankha kuti iwo ndi matenda, si mankhwala. Madokotala akuvomereza. Bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO lidalengeza mu 2024 kuti m'chaka cha 2019 anthu pafupifupi 2.6 miliyoni adamwalira chifukwa cha mowa, ndipo mu 2023 lidanena kuti palibe mlingo wa mowa umene tinganene kuti ndi wosavulaza thupi. Mowa umaononga chiwindi, umakweza kuthamanga kwa magazi, umayambitsa khansa ya kukhosi, ya chiwindi ndi ya m'mawere, ndiponso umaiwalitsa munthu kumwa ma ARV kapena mankhwala a chifuwa chachikulu pa nthawi yake.

Tiwerengenso za m'thumba. Tiyerekeze kuti munthu amataya K2,000 patsiku. Pamwezi ndi K60,000, pachaka ndi K730,000. Aliyense adzifunse yekha kuti ndalama imeneyi ndi matumba angati a chimanga, malata angati, fizi ya ana angati.

Kwa inu amene mukufuna kusiya

Choyamba, khomo la tawba ndi lotsegula. Nenani ndi Mulungu wanu, mudandaule pa zomwe zapita, mutsimikize mumtima kuti simubwererako, ndipo amene mudawalakwira muwapepese.

Chachiwiri, uzani munthu mmodzi wokhulupirika: akazi anu, amalume anu (amjomba, monga timanenera kuno), kapena shehe wosunga chinsinsi. Kupempha thandizo sikufanana ndi kudzitama ndi tchimo. Mutu umodzi susenza denga.

Chachitatu, dziwani nthawi imene mumagwa. Kwa ambiri ndi m'mawa usipa ukangogulitsidwa, ndalama zili m'manja, thupi latopa. Gwirizanani ndi akunyumba kuti ndalama zizifika kwa iwo musanadutse pamalo aja. Sinthani njira yobwerera. Kwa amene chibaba chimawagwira madzulo, khalani kumzikiti kuyambira Maghrib mpaka Isha. Chibaba chimabwera ngati funde, chimakwera kenaka n'kutsika. Imwani madzi kapena tiyi, idyani, pangani wudhu, khalani ndi anthu mpaka chidutse.

Chachinayi, ndipo apa timvetsetsane bwino: amene wakhala akumwa kwambiri tsiku ndi tsiku, moti m'mawa manja amanjenjemera mpaka atalawako, asasiyire yekha m'nyumba. Thupi lozolowera mowa likausowa mwadzidzidzi, munthu amayamba kunjenjemera, kutuluka thukuta, kusanza ndi kusowa tulo tsiku loyamba lomwelo. Pofika tsiku lachiwiri kapena lachitatu ena amagwa ngati akhunyu, kubwebweta, ndi kuona zinthu zomwe palibe. Abale ambiri amati ndi majini kapena walodzedwa, nachedwa naye pakhomo, pamene vutoli likhoza kupha. Dua tichite, koma wodwalayo apite msanga kuchipatala, kaya cha boma ku Mangochi, cha ku Monkey Bay kapena chapafupi, ndipo dokotala auzidwe zoona za mlingo umene amamwa. Alipo mankhwala oziziritsa vutoli. Chipatala cha Zomba Mental ndi zipatala za St John of God ku Mzuzu ndi ku Lilongwe zimathandizanso anthu ogwidwa ndi mowa. Amene akukonzeka kusiyira m'mwezi wa Ramadhan ayambe waonana ndi dokotala mwezi usanaoneke.

Chachisanu, mukaterereka musanene kuti zonse zatha. Dzukani tsiku lomwelo, lapaninso, fufuzani chimene chidakugwetsani. Musasiye swala poganiza kuti ndinu odetsedwa. Mukatsitsimuka, dziyeretseni muimirire. Chingwe chimenecho ndicho chidzakukokereni kumtunda.

Kwa ife otsala

M'nthawi ya Mtumiki (SAW) kudali munthu wina dzina lake Abdullah, amene ankakonda kumuseketsa Mtumiki, koma ankagwidwa ndi mowa mobwerezabwereza nalangidwa. Tsiku lina munthu wina adamutemberera chifukwa chobwerezacho. Mtumiki (SAW) adaletsa temberero limenelo, nachitira umboni kuti munthuyo amakonda Mulungu ndi Mtumiki wake. Nkhaniyi ili mu Sahih Al-Bukhari. Tchimo silidachepetsedwe, koma munthu sadatayidwe.

Nanga ife? Timamutcha chidakwa ana ake akumva. Akalowa mumzikiti timasuntha. Pa nikah ndi pa sadaka sitimuitana. Tsono akapeza kuti malo okhawo amene amamulandira ndi chimwemwe ndi pamowa, tidabwa chiyani akabwerera komweko? Wakutsina khutu ndi mnansi, koma amatsina ali pafupi, pawiri, osati pa chinkuzamawu cha Ijumaa. Eni mabwato asalipire alovi ndi botolo. Makolo asatume mwana kukagula mowa, ngakhale wa mlendo. Makomiti a mizikiti asankhe akuluakulu awiri kapena atatu odziwa kusunga pakamwa, oti banja lovutika lizitha kuwafikira.

Kwa inu amayi ndi alongo athu: kupirira ndi kwabwino, koma sikutanthauza kubisa mabala. Ngati bambo akunyumba akumenya inu kapena ana akaledzera, dziwitsani ankhoswe ndi shehe, ndipo moyo ukakhala pachiswe pitani ku Victim Support Unit ya polisi. Dziko lino lili ndi lamulo loletsa nkhanza za m'banja kuyambira 2006. Musawanamire kwa abwana awo kapena kuwabwezera ngongole za kumowa, pakuti kutero ndi kuthirira vuto. Ndipo tisaiwale kuti alipo amayi ndi atsikana amene nawonso agwidwa. Manyazi awo ndi aakulu koposa, choncho alongo a m'magulu a dawah awafikire mwachifundo.

Aliyense wa ife akudziwa dzina limodzi. Tisadikire tsiku lomusambitsa ndi kumuveka sanda kuti tidzanene kuti tinkadziwa. Sabata ino timuyendere, timupatse salaam, timufunse za ana, ndipo Ijumaa ikubwerayi timudutsire popita kumzikiti.

Tikupempha Mulungu kuti achize odwala athu, alandire kulapa kwathu, ndi kuteteza ana athu pamtunda ndi panyanja. Ameen. Tidzakumananso m'kope likudzali, Insha Allah.