Pulogalamu yaulere, koma buku lake alemba ndani?

Anthu ambiri amene akuyenda ndi foni ya Android m'thumba sadziwa kuti m'kati mwake muli chinthu chimene sanalipire ngakhale metikali imodzi. Dzina lake ndi Linux. Imeneyi ndi pulogalamu imene imagwirizanitsa ziwalo zonse za makinawo kuti zigwire ntchito pamodzi. Anaiyamba ndi Linus Torvalds mu 1991, ali wophunzira pa yunivesite ya Helsinki ku Finland. M'malo moibisa ndi kuigulitsa, iye anaiika poyera kuti aliyense aone mmene inalembedwera, aikonze, ndi kupatsako anzake. Mapulogalamu otere amatchedwa open source pa Chingerezi, ndipo pa Chipwitikizi amati código aberto.

Otamanda Torvalds alipo kale ambiri. Nkhani ya sabata ino ili pa anthu ena amene maina ao samveka kawirikawiri: olemba malangizo a kagwiritsidwe ntchito ka mapulogalamuwa. Pulogalamu ingakhale yabwino chotani, ikafika m'manja mwa munthu wosadziwa poyambira, imafanana ndi botolo la mankhwala lopanda pepala. Wodwala sadziwa kaya amwe awiri kaya anai, kaya m'mawa kaya madzulo. Mankhwalawo anapatsidwa aulere ndithu, koma mwina sachira nao.

Akatswiri akale anaidziwa bwino nkhani imeneyi. Linux inatengera chitsanzo cha pulogalamu ina yakale yotchedwa Unix, imene inapangidwa ku Bell Labs ku America. Mu 1971 Ken Thompson ndi Dennis Ritchie analemba buku loyamba la Unix, ndipo lamulo lililonse limene munthu angalembe pa kompyuta linali ndi tsamba lake. Pa tsambalo pankakhala dzina la lamulolo, kalembedwe kake, ndi ntchito yake. Pansi pake pankakhalanso zinthu ziwiri zimene ambiri lero amaziiwala. Choyamba chinali malo oulula poyera zolakwika zimene eni ake ankazidziwa koma anali asanazikonze. Chachiwiri chinali dzina la munthu woyang'anira lamulolo. Mpaka lero munthu wogwiritsa ntchito Linux akalemba mau akuti man ndi dzina la lamulo, tsamba la mtundu womwewo limatuluka.

Linux itayamba kufala, anthu anaona msanga kuti mafunso akuchuluka kuposa oyankha. Kotero mu 1992 Matt Welsh ndi anzake anayamba ntchito yotchedwa Linux Documentation Project. Anthu odzipereka a m'maiko osiyanasiyana, osalandira malipiro, anayamba kulemba timabuku totchedwa HOWTO, kalikonse kofotokoza ntchito imodzi: kulumikiza makina osindikizira, kulowa pa intaneti kudzera pa waya wa telefoni, kugawa malo osungira zinthu m'kompyuta. Ambiri amene anaphunzira Linux m'zaka za m'ma 1990 anaphunzirira pa timabuku timeneti.

Koma pano ndi pamene pagona phunziro lalikulu. Zaka zitapita, pulogalamu inapitirira kusintha, pamene timabuku tambiri tinakhala monga tinalembedwera. Wolemba wina anapeza ntchito yatsopano, wina anatopa, wina anangoleka osasiyira mnzake. Munthu wofufuza lero angathe kupeza kabuku kofotokoza bwinobwino makina amene sagulitsidwanso, kapena lamulo limene linachotsedwa kalekale. Malangizo otha ntchito amaopsa kuposa kusowa malangizo, chifukwa wosowa amapita kukafunsa, pamene wowerenga zakale amayenda mtima uli m'malo, kulowera kolakwika. Buku la malangizo lili ngati munda: kulima chaka chimodzi sikuletsa udzu chaka chamawa.

Oyang'anira Linux anachitapo kanthu. Pulogalamuyi imatuluka yatsopano pafupifupi milungu 9 kapena 10 iliyonse, choncho buku lokhala patali nayo silingaipeze. Malangizo ake amasungidwa pamalo amodzi ndi pulogalamu yeniyeniyo, ndipo mu 2016, motsogozedwa ndi Jonathan Corbet, anayamba kuwakonza ndi chida chotchedwa Sphinx. Chida chimenechi chimasonkhanitsa masamba olembedwa pamodzi ndi mau ofotokozera amene akatswiri amaika m'kati mwa pulogalamu, n'kupanga buku lowerengeka. Ubwino wake ndi wakuti wosintha pulogalamu ali ndi tsamba lake pafupi pomwepo, ndipo kusintha kwa tsambalo kumaunikidwa ndi anzake monga momwe amaunikira pulogalamu. Dzanja limene lasintha makina ndilo liyenera kusinthanso pepala, tsiku lomwelo.

Komabe vutoli silinathe. Mu 2017 kampani ya GitHub, kumene mapulogalamu ambiri otere amasungidwa, inafunsa anthu oposa 5,000. Mwa anthu 100 alionse, 93 anati anakumanapo ndi malangizo operewera kapena otha ntchito. Koma mwa othandiza pa mapulogalamuwa, 60 mwa 100 anavomera kuti salemba malangizo, kapena amalemba mwa kamodzikamodzi. Odandaula ndi ambiri, ogwira cholembera ndi ochepa. N'chifukwa chake mu 2019 Google inayamba ntchito ya Season of Docs, yolumikiza akatswiri olemba ndi magulu opanga mapulogalamu, ndi kuwalipira.

Chimachititsa ulesi umenewu n'chiani? Choyamba, ulemu umapita kwa wopanga chinthu chatsopano, pamene wolemba tsamba lofotokoza sathokozedwa. Chachiwiri n'chobisika: katswiri amaiwala mmene umbuli umawawira. Iye amalemba kuti tsegulani, lowani, sungani, n'kudumpha masitepe atatu amene kwa iye ali ngati kupuma mpweya. Pajatu akuluakulu amati mlendo ndiye adza ndi kalumo kakuthwa. Munthu amene wayamba dzulo, amene wakakamira theka la tsiku pa sitepe imene sinalembedwe, ndiye akudziwa pamene pali dzenje. Magulu anzeru amampempha munthu wotere kuti alembe pamene anapunthwa asanaiwale.

Wina angaganize kuti izi ndi za ku Ulaya, zosakhudza Angónia, Tsangano kapena Macanga. Iai. Ziwerengero za zipatala za m'dziko muno zimasonkhanitsidwa kudzera mu SIS-MA, imene inamangidwa pa DHIS2, pulogalamu yotseguka yoyang'aniridwa ndi yunivesite ya Oslo ku Norway. Malawi ndi Zambia nazonso zimagwiritsa ntchito DHIS2. Kumapeto kwa mwezi, mlembi wa pachipatala cha boma amakhala pa kompyuta kulowetsa chiwerengero cha ana olandira katemera, odwala malungo, ndi amai ochira. Ziwerengero zimenezi zimathandiza akuluakulu kudziwa kumene mankhwala akufunika. Tsono mlembi amene anapita ku maphunziro akasamutsidwa, wolowa m'malo mwake atsamira pati? Mphunzitsi anabwerera kwao, mnzake ali kutali. Chotsala ndi pepala, ngati linalembedwa.

Palinso nkhani ya chilankhulo. Malangizo ambiri a mapulogalamuwa amayamba kulembedwa m'Chingerezi, pamene wogwira ntchito kuno anaphunzira m'Chipwitikizi, ndipo pocheza ndi mnzake amalankhula Chinyanja. Kumasulira ndi ntchito yabwino, koma nako kumakalamba. Tsamba la Chingerezi likasintha, la Chipwitikizi n'kukhala momwemo, wowerenga amasokera osadziwa.

Ofesi yaing'ono siifunika Sphinx kuti iyambe. Kope limodzi likwanira, lokhala pafupi ndi kompyuta. Pamwamba pa tsamba lililonse palembedwe tsiku ndi nambala ya pulogalamu imene ikufotokozedwa. Masitepe alembedwe onse, ngakhale ooneka achibwana. Zovuta zodziwika zilembedwe poyera, pamodzi ndi njira yozilambalala, monga anachitira Thompson ndi Ritchie. Pansi pakhale dzina la woyang'anira tsambalo. Pulogalamu ikasintha, tsamba lakale lichotsedwe kapena lidulidwe mzere, lisasiyidwe kuti lisokeretse wina. Ndipo mkulu wa ofesi asalole munthu kusamuka asanakhale pansi ndi wolowa m'malo, kope lili pakati pao.

Amati safunsa anadya phula. Zoona. Koma wofunsayo amafunika pofunsa, ndipo usiku wa pa 30, lipoti likufunika m'mawa, pofunsa pake ndi kope lomwelo.