Injini imene ili m'thumba lililonse la fetereza

Ntchito yanga ndi ya sipanala. Ndinaiphunzirira pa zigayo za dizilo ku Balaka, amalume akundituma kutsuka manozo m'beseni la parafini, ndipo mpaka lero ndimadyera majenereta ndi mapampu. Pakati apa ndinakhalako zaka zingapo ku Nacala, pa kagalaja kena kamene kankaitanidwa kudoko sitima ikafika ndi pampu yodontha kapena paipi yong'aluka. Kumeneko n'kumene ndinalowa koyamba m'mimba mwa sitima ya panyanja yamchere. Inali itabwera ndi fetereza, kunja malole atandanda kudikira katundu. Tinatsika makwerero achitsulo, nsanjika yoyamba, yachiwiri, yachitatu, kutentha kukunka kukulirakulira. Injiniya wina wa ku Philippines anatsegula kachitseko m'mbali mwa chimene ine ndinkachiona ngati khoma lopaka utoto wobiriwira, n'kuwalitsamo tochi. Munali crankshaft yonenepa ngati thunthu la mbawa, ndi malo oti munthu wamkulu n'kulowa n'kuimirira. Khoma lija linali injini.

Chichokereni tsiku limenelo, thumba la fetereza sindiliona monga kale. Nyanja yamchere tilibe, inde, koma nkhani ya injini zimenezi ndi yathu, ndipo anthu ena akuikambirana ku London ife tili duu.

Mawu oti two-stroke si achilendo kwa msodzi wa ku Makanjira kapena wocheka matabwa ndi makina. Pa injini ya galimoto kapena ya chigayo, pisitoni imayenda maulendo anayi kuti moto uyake kamodzi: kukoka mpweya, kuufinya, kuyaka, kutulutsa utsi. Ya two-stroke imamaliza zonsezi m'maulendo awiri, kukwera ndi kutsika, ndiye pisitoni ikangofika pamwamba moto ulipo. Pa tiinjini ta maboti zimenezi zimabwera ndi utsi wabuluu ndi kumwa mafuta, n'chifukwa chake amakaniko ambiri amaiderera. Ya pasitima ndi nyama ina. M'munsi mwa silinda muli timazenera tozungulira. Pisitoni ikatsika n'kutitsegula, mpweya wokankhidwa ndi turbo umalowa n'kusesa utsi wonse kukwera nawo m'mwamba, kumene valavu imodzi yaikulu imautulutsa. Oilo sasakaniza ndi mafuta. Pisitoni ili ndi ndodo yake yowongoka imene imatsikira pa chitsulo chotsetsereka chotchedwa crosshead, ndipo kapangidwe kameneka kamalekanitsa chipinda cha moto ndi chipinda cha oilo, kuti mwaye wa m'mwamba usagwere m'munsi.

Chimene chinandigwira mtima kwambiri ndi kufatsa kwake. Jenereta imene ndimakonza imazungulira ka 1,500 pa mphindi. Injini ya sitima imazungulira pafupifupi ka 100, mwina osafika n'komwe, moti kugunda kwake ukhoza kukuwerenga ndi pakamwa. Ilibe giyabokisi, ilibe kilachi. Shafuti imachoka pa injini n'kulunjika ku pulopela. Akafuna kubwerera m'mbuyo amaithimitsa kaye, kenako n'kuiliza chobwerera. Sitata palibe, chifukwa palibe batire limene lingatembenuze chitsulo chotere. Amailiza ndi mphepo yosungidwa m'mathanki pa mabar 30, imene imakankha mapisitoni mpaka moto utagwira. Ukakhala pafupi umamva kupuma kwamphamvu, kenako pansi ponse pamayamba kunjenjemera.

Kufatsa kumeneku ndiko chuma chake. Moto umapeza nthawi yokwanira kukankha pisitoni ulendo wautali, ndipo mphamvu yoposa theka ya m'mafuta imasanduka ntchito. Injini ya petulo ya m'galimoto wamba imapulumutsa pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu, yotsalayo n'kuthera m'kutentha ndi mu utsi. N'chifukwa chake katundu woposa magawo 80 pa 100 a malonda a dziko lonse, tikawerengera kuchuluka kwake, amayenda panyanja, ndipo sitima zikuluzikulu pafupifupi zonse, za makontena, za mafuta, za tirigu ndi malasha, zimakankhidwa ndi injini za mtundu umenewu. Malasha a ku Moatize amene timawaona akudutsa pa Nkaya ndi pa Liwonde akafika ku Nacala amakakwera sitima yotere. Fodya wathu, tiyi wathu, nandolo wopita ku India, chimodzimodzi.

Injini imene ndinaiona ine inali yapakatikati. Yotchuka pa ukulu ndi Wärtsilä-Sulzer RT-flex96C ya masilinda 14, imene inaikidwa m'sitima ya Emma Maersk mu 2006. Silinda iliyonse ndi yotakata masentimita 96, pisitoni imayenda mamita 2.5, injini yonse imalemera matani 2,300, kutalika kwake m'mwamba kupitirira mamita 13. Imatulutsa mamegawati 80. Amene akukumbukira mdima umene unatigwera namondwe wa Ana atawononga Kapichira mu Januwale 2022 amvetsa msanga: Kapichira yense ndi mamegawati pafupifupi 130, ndiye injini imodzi imeneyi iposa theka lake. Ikatsegulidwa ndi mphamvu zonse imamwa mafuta opitirira matani 10 pa ola. Thanki yathunthu ya lole zimene timazidikira kuchokera ku Beira singaikwanire maola atatu. Komabe ukagawa mafutawo pa makontena zikwizikwi amene yasenza, palibe lole kapena sitima yapamtunda imene ingapikisane nayo.

Mbiri yake ndidutsapo mwachangu. Rudolf Diesel anayendetsa bwino injini yake ku Augsburg mu 1897. Mu 1912 kampani ya Burmeister & Wain ku Copenhagen inamanga Selandia, sitima ya dizilo imene inayenda mpaka ku Bangkok, ngakhale injini zake zinali za maulendo anayi. Kenako a ku Copenhagen omwewo ndi a Sulzer a ku Winterthur ku Switzerland anakulitsa two-stroke. Pamtunda inagwiranso ntchito: ku Copenhagen kuli injini ya masilinda 8 ya m'zaka za m'ma 1930 imene inkapanga magetsi a mzindawo, ndipo mpaka pano amailiza kuti alendo aione. Lero mapulani ambiri amajambulidwabe ku Copenhagen ndi ku Winterthur, koma zitsulo zenizeni zimasulidwa ku South Korea, ku China ndi ku Japan.

Tsopano tifike pa mafuta, chifukwa mlandu wagona pamenepo. Injini imeneyi simwa dizilo woyera wa pa filing'i siteshoni. Kwa zaka zambiri yakhala ikumwa matsalira a ku fakitale yoyenga mafuta, zakuda bii, zonata ngati phula. Ndinaziona m'chidebe zitazizira, zosafuna n'kutsanulika komwe. Amazitenthetsa kupitirira madigiri 100 kuti zisungunuke, n'kuzisefa m'makina ozungulira mwaliwiro kuti madzi ndi zinyalala zichoke, kenako n'kuzipopera m'silinda. Kutchipa kwa mafuta amenewa ndi kumene kwachititsa kuti urea wochokera kutali afike ku Mitundu pa mtengo woti mlimi n'kuyesako. Koma m'mafutamo muli sulufule wambiri, ndipo utsi wake wadwalitsa anthu okhala m'mizinda ya m'madoko. Bungwe loona za maulendo apanyanja la IMO, limene likulu lake lili ku London, linalamula kuti kuyambira pa 1 Januwale 2020 sulufule atsike kuchoka pa 3.5 kufika pa 0.5 pa 100 iliyonse. Eni sitima ena anagula mafuta oyeretsedwa, ena anaika makina otsuka utsi, ndipo makampani onyamula makontena anaonjezera ndalamayo pa mtengo wa katundu.

Sulufule anali chiyambi chabe. Sitima zapanyanja zimatulutsa pafupifupi magawo 3 pa 100 a mpweya umene ukutenthetsa dziko. Mu Julaye 2023 mayiko a m'bungwe la IMO anagwirizana kuti pofika cha m'ma 2050 maulendo apanyanja asamaonjezerenso mpweya umenewu. Mu Epulo 2025 anavomereza ndondomeko yoti sitima yotulutsa utsi wopyola muyezo izilipira, koma mu Okotobala chaka chomwecho kuvota komaliza kunaimitsidwa kwa chaka chimodzi, dziko la United States litakana kwamtuwagalu. A European Union sanadikire. Kuyambira Januwale 2024 sitima zikuluzikulu zofika m'madoko awo zimalipira utsi wake, kuphatikizapo theka la utsi wa ulendo wochokera kunja. Kontena ya fodya yopita ku Antwerp ili m'gulu limeneli.

Ine sindili kumbali ya utsi. Amene anaona matope a namondwe wa Freddy akutsika m'phiri la Soche mu Malichi 2023 sanganene kuti nyengo isiyidwe momwe ilili. Injini ndimaikonda, koma ndikudziwa chimene chimatuluka kuchumuni kwake. Kusintha kuchitike. Nkhawa yanga ndi yoti walira mvula walira matope, ndipo matope ake akuoneka kuti adzaterera kwa amene sanaliritse mvulayo. Dziko lopanda doko limalipira kawiri: sitima, kenako lole kapena njanji ya makilomita mazanamazana. Timagula zolemera ndi zotsika mtengo pa kilogalamu, monga fetereza, tirigu ndi mafuta, ndipo timagulitsanso zolemera. Pa katundu wotere, ndalama yonyamulira ndi gawo lalikulu la mtengo wake. Dola imodzi yoonjezera pa foni yodula simveka. Pa thumba la makilogalamu 50 imamveka mpaka kunkhokwe.

Pali chinthu chinanso chimene chimandisowetsa tulo. Injini ya two-stroke ndi yosasankha zakudya, ndipo n'chifukwa chake sikufa. Zilipo kale zoyendera gasi. Mu 2023 sitima ya makontena ya Laura Maersk inayamba kuyendera methanol. Opanga injini a ku Copenhagen ndi a ku Winterthur onse akonza zoyendera ammonia, chifukwa ammonia alibe kaboni, ndiye akayaka satulutsa mpweya uja, ngakhale ali ndi poizoni woti akadontha m'chipinda cha injini anthu akhoza kufa. Tsono ammonia ameneyu ndi mayi wake wa urea. Fetereza wobereketsa amene timathira chimanga chikafika m'mawondo amapangidwa kuchokera ku ammonia, ndipo gawo lalikulu la ammonia wa pa dziko lonse limathera ku fetereza. Tsiku limene sitima zikwizikwi zidzayambe kumumwa, mlimi wa ku Ntchisi adzakhala pamzere umodzi ndi mwini sitima wa ku Singapore. Okonda njirayi amati kudzamangidwa mafakitale atsopano opanga ammonia ndi magetsi a dzuwa ndi mphepo, moti adzachuluka mpaka fetereza n'kutsika mtengo. Zikhoza kutero m'tsogolo. Koma fakitale imamangidwa zaka, pamene mvula yobzalira imagwa chaka chilichonse, ndipo m'zaka zapakatizo wokhala ndi thumba lakuya ndiye adzayambe kugula.

Njira yotchipa yochepetsera utsi ilipo kale, ndipo amalinyero amaidziwa: kuyenda pang'onopang'ono. Sitima ikachepetsa liwiro ndi gawo limodzi mwa magawo khumi, mafuta a patsiku amatsika ndi pafupifupi kotala. Makampani anayamba kutero kwambiri mafuta atakwera mtengo mu 2008. Kwa ife tanthauzo lake n'lakuti katundu azichedwa panjira, ndiye fetereza aziitanitsidwa msanga. Tinaona kale mmene ulendo wapanyanja umasokonekera: sitima ya Ever Given inatseka ngalande ya Suez masiku asanu ndi limodzi mu Malichi 2021, ndipo kuyambira kumapeto kwa 2023 sitima zambiri zinathawa Red Sea n'kumazungulira ku Cape. Fetereza wofika mu Januwale chimanga chitayezuka kale ndi ndalama yotayika.

Malawi ndi membala wa IMO. Zambia ndi Zimbabwe nawonso ndi mamembala. Mpando tili nawo, voti tili nayo, yofanana ndi ya dziko lina lililonse. Tizilumba ta Marshall Islands ndi Solomon Islands tinapita kumeneko mu 2021 ndi pempho lomveka bwino, msonkho wa madola 100 pa tani iliyonse ya mpweya woipa, ndipo dziko lonse linakambirana maganizo awo. Mgwirizano wa 2023 umanena kale kuti mayiko osaukitsitsa aganiziridwe mwapadera, ndipo ife tili m'gulu limenelo. Chimene chikufunika ndi munthu wopita ku London atanyamula masamu athu, woti akanene kuti ngati sitima zizilipira utsi, gawo la ndalamazo libwerere kudzakonza njanji ya Nacala ndi ya Beira ndi kutchinjiriza mtengo wa fetereza ndi chakudya. Akalankhule pamodzi ndi anzathu a ku Lusaka ndi ku Harare, chifukwa lole zawo ndi zathu zimaima pamzere umodzi pa doko la Beira.

Ndikanakondanso kuona sukulu ya za maulendo apamadzi ya ku Monkey Bay itapatsidwa zipangizo zophunzitsira injini zimenezi. Anyamata amene ndinakumana nawo m'zipinda za injini ku Nacala ankachokera ku Philippines, ku India, ku Ukraine, ndipo manja awo sanali osiyana ndi a anyamata amene amamasula injekita pampu pansi pa mtengo ku Ndirande. Injini zatsopano za methanol ndi ammonia zidzafuna anthu ophunzitsidwa mwatsopano, ndipo khomo lotere silitseguka kawirikawiri.

Pempho langa loyamba likupita ku Nyumba ya Malamulo. Komiti yoona za ulimi ndi yoona za mtengatenga zikhale pamodzi, ziitane akuluakulu a za maulendo apamadzi ndi oitanitsa fetereza, ziwafunse funso limodzi: pa njira iliyonse imene ikukambidwa ku London, thumba la urea lidzafika ku Kanengo pa ndalama zingati? Yankho lake liwerengedwe pa wailesi m'Chichewa, m'Chitumbuka ndi m'Chiyao, nthumwi yathu isanakwere ndege.