Mlendo ndi Mame: Phunziro la ku Lalibela

Kumpoto kwa dziko la Ethiopia, m'mapiri a chigawo cha Amhara, kuli tauni yaing'ono yotchedwa Lalibela. Mlendo akafika kumeneko amayamba wadabwa, chifukwa matchalitchi amene wadzera saonekera patali. Ali kunsi kwa nthaka. Amisiri akale sanaumbe njerwa kapena kusanja miyala. Anasema thanthwe kuchokera pamwamba kutsikira pansi, mpaka panatuluka nyumba zathunthu zokhala ndi makomo, mazenera ndi mizati.

Matchalitchiwa alipo 11. Mbiri ya mpingo imati anasemedwa m'nthawi ya Mfumu Lalibela, imene inalamulira chakumapeto kwa zaka za m'ma 1100 ndi kuchiyambi kwa zaka za m'ma 1200. Chotchuka kwambiri ndi cha Bete Giyorgis, chosemedwa ngati mtanda. Mu 1978 bungwe la UNESCO linaika malowa m'kaundula wa chuma cha anthu a dziko lonse lapansi.

Komatu malowa si osungirako zakale chabe. Anthu amapempheramo mpaka lero, ndipo aliyense amavula nsapato pakhomo. Pa 7 Januwale, tsiku limene Akhristu a kumeneko amakumbukira kubadwa kwa Yesu, opemphera amafika mwa unyinji, ena atayenda pansi masiku angapo. Ambiri amakhala atafunda nsalu zoyera za thonje, zimene amayi amazitcha netela. Mwa mwambo wawo, amayi ndiwo amapota ulusi, abambo n'kuwomba nsaluyo pamanja. Mlendo angaigule pamsika wa Loweruka, koma wogula weniweni ndi mayi wa m'mudzi amene adzaifunde popita kukapemphera.

Chakudya nachonso n'chimodzimodzi. Mlendo amapatsidwa injera, chikondamoyo chopyapyala chowawasira. Chimapangidwa ndi ufa wa teff, mbewu ya timaso ting'onoting'ono kuposa mawere. Ufawo amaukanda ndi madzi n'kuusiya masiku awiri kapena atatu kuti usase, kenako amauthira pachiwaya chadothi. Lachitatu ndi Lachisanu, masiku osala, okhulupirira sadya nyama kapena mkaka. Ndiwo zimakhala shiro, chipere cha ufa wa nyemba zouma. Pomaliza pamabwera khofi wokazingidwa mlendo akuona, ndipo amamwedwa maulendo atatu. Zonsezi sizinakonzedwe kuti zisangalatse alendo ayi. Ndi zimene eni dziko amadya m'makomo mwawo.

Kufunika kwa zimenezi kunaoneka pamene zinthu zinathina. Mu 2020 mliri wa Covid-19 unaimitsa maulendo. Mu 2021 nkhondo ya kumpoto kwa Ethiopia inafika m'tauniyi, ndipo mu 2023 kumenyana kunabukanso m'chigawo cha Amhara. Alendo akunja anasowa. Operekeza alendo ndi ogwira ntchito m'mahotela anatsala manja lende. Mlimi ndi wowomba nsalu nawonso anavutika, pakuti nkhondo sisankha khomo. Komabe katundu wawo ali ndi msika wachiwiri umene sudikira ndege: mnansi amene amadya injera tsiku ndi tsiku ndi kufunda netela pa Sabata.

Apa pali phunziro kwa alangizi ndi magulu a m'midzi amene akufuna kupindula ndi alendo. Gulu lisanayambe kuluka madengu, kuumba miphika kapena kuphikira alendo, lidzifunse kuti: kodi alendo atapanda kubwera chaka chathunthu, katunduyu angagule ndani? Ngati yankho palibe, ntchitoyo yamangidwa pa mwendo umodzi. Koma mkeka umene a m'mudzi amagonapo, kapena thobwa limene amamwa okha, zimakhala ndi ogula chilimwe ndi dzinja, ndipo n'zimenenso mlendo wochokera kutali amafuna kuona ndi kulawa.

Akuluakulu anati mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka. Mame amathandiza mbewu, koma palibe mlimi amene amadzala munda podalira mame okha.