Kodi Njinga ya Mwana wa Sukulu Igone Kuti?

Munthu amene ayenda m'mamawa pa msewu wochokera ku Lilongwe kunka ku Mchinji, akafika pa Njewa, pa Mpingu kapena pa Namitete, sangalephere kuona anyamata ndi atsikana a sukulu ali pa njinga. Njinga zimenezi si zachionetsero ayi. Zambiri zinagulidwa ndi ndalama za fodya kapena mtedza, ndipo m'mabanja ena njinga ndi imodzi yokha, yomweyo yopitira ku chigayo, yomweyonso yonyamulira wodwala kunka naye ku chipatala cha St Gabriel.

Boma linachita mbali yake pamene linachotsa fizi m'sukulu za pulayimale m'chaka cha 1994, ndi pamene linakhazikitsa sukulu za sekondale zoyendera m'chaka cha 1998. Koma popeza sukulu zoyenderazo zinapangidwa kuti mwana azigona kwawo, ana ochokera kutali kwa Kabudula, ku Nsaru ndi ku Nambuma amachita lendi tizipinda pafupi ndi sukulu, nadziphikira okha. Kachipinda kamodzi mugona ana atatu kapena anayi pamodzi ndi ufa, mbaula ndi mabuku. Nanga njinga ilowa pati? Imagona pakhonde, ndipo mbala imadziwa bwino lomwe kuti mwana amene wawerenga mpaka pakati pa usiku sadzamva kanthu.

Tsono njinga ikabedwa, chotayika si chitsulo chokha. Mwanayo sathanso kupita kumudzi Loweruka kukatenga ufa ndi ndiwo. Kwawo kumabuka mkangano, ndipo makolo ena amati, "Bwerako kuno, sukulu yako yatisaukitsa."

Ife maganizo athu ndi akuti aliyense amene alandira ndalama ya malo ogona kwa mwana wa sukulu, kaya ndi mwini nyumba kaya ndi komiti ya hositelo, ayenera kupatsanso njinga pogona. Chofunika si chachikulu: chisakasa chofolera bwino, chokhala ndi chitseko chimodzi chokhoma ndi loko, ndipo m'kati mwake mpope wachitsulo wozikidwa ndi simenti, womangirirapo njinga. Pakhalenso buku lolembamo dzina la mwini ndi nambala ya njinga yake.

Ena adzati simenti ndi malata n'zodula. Zoonadi. Koma kodi mtengo wa matumba awiri a simenti ungafanane ndi wa njinga khumi? Mutu umodzi susenza denga: makolo aumbe njerwa, amfumu apereke malo, eni nyumba zoyandikana asonkherane malata.

Nanunso ana athu, musakhale osasamala. Kaloko kakang'ono kotsekera tayala la m'mbuyo sikaletsa mbala kusenza njinga paphewa. Gulani unyolo wolimba, muupise pa thupi la njinga ndi pa tayala, nimumange ku chinthu chosazuka. Pezani nambala yodindidwa pa chitsulo cha njinga yanu, muilembe m'kope, ndipo lisiti yogulira muisunge kumudzi. Pakuti apolisi akagwira njinga zobedwa, amabwezera munthu amene ali ndi umboni.

Tipempha mafumu, aphunzitsi aakulu ndi makomiti a makolo kuti nkhani imeneyi aikambe pa msonkhano woyamba wa teremu ikudzayi, njinga ina isanasowe.